Mwana wanga ali ndi dzina lachiwiri la rap, kodi imeneyi ndi ntchito?

Mayi wina wandilembera kuti mnyamata wawo wa Fomu 3 amachezera usiku kupanga mabiti pa laputopu, ndipo tsopano wayamba kuimba ndi dzina lachiwiri, mawu atawasintha kuti azimveka ngati a munthu wina. Akufunsa ngati imeneyi ndi ntchito kapena mwanayo wayamba kusochera.

Mayi, mtima ukhale m'malo. Njira imeneyi ena anadutsamo kale. Otis Jackson Jr., katswiri wopanga mabiti ndi kuimba rap wodziwika kuti Madlib, anabadwa mu 1973 ku Oxnard, m'chigawo cha California ku America. Bambo ake anali woimba, ndipo amalume ake, Jon Faddis, ndi katswiri woimba lipenga la jazz. Madlib sankawakonda mawu ake chifukwa anali a besi kwambiri. Ndiye ankachedwetsa biti, n'kuimbapo mwapang'onopang'ono, kenako n'kufulumizitsa tepi. Mawu ankatuluka opyapyala, achibwana, ndipo umu ndi m'mene anabadwira Quasimoto, dzina lachiwiri la Madlib, amene chimbale chake choyamba, The Unseen, chinatuluka mu 2000 ku kampani yotulutsa nyimbo ya Stones Throw Records.

Koma apa ndikufuna mnyamatayo amve bwino. Chimene chinamukweza Madlib ndi khutu lake lodziwa nyimbo. Anatha zaka akusaka magalamafoni akale a jazz ndi soul, kumamvetsera mpaka atapeza kachidutswa ka masekondi ochepa komangirapo nyimbo yatsopano. Mabiti ambiri a chimbale cha Madvillainy, chimene anatulutsa ndi woimba rap MF DOOM mu 2004, anawapangira m'chipinda cha hotela ku Brazil ndi kamakina kakang'ono kotchedwa Boss SP-303. Choncho akakuuzani kuti sangapite patsogolo popanda situdiyo yodula, musapupulume kugulitsa mbuzi.

Ndalama pa ntchitoyi zimachokera kwambiri pa kupangira ena mabiti, kujambula ndi kusakaniza mawu. Apa m'pamene ana athu amabedwa. Biti asamapereke pongogwirizana pakamwa ndi mnzake, alembe pa pepala kuti wagulitsa zingati ndipo umwini watsala kwa ndani. Nyimbo zake akalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso m'Malawi. Adziwenso kuti kachidutswa kotengedwa m'nyimbo ya wina kali ndi mwini wake, ndipo kumafunika chilolezo.

Sukulu asasiye. Mgwirizano umalembedwa m'Chingerezi, malipiro amawerengedwa m'maperesenti, ndipo MSCE yabwino ingamutsegulire khomo ku University of Malawi ku Zomba, komwe amaphunzitsa nyimbo. Mugwirizane kuti laputopu iziyaka akatha kuwerenga, komanso Loweruka.

Sabata ino khalani naye pansi, akuyatsireni nyimbo zimene wamaliza, osati zoyamba n'kusiya panjira. Mumufunse kuti dzina lachiwirilo limanena chiyani chimene iyeyo sangathe kunena ndi dzina lake lenileni, ndipo poyankha musamudule mawu.