Mkamwa mukuuma usiku: ndi shuga kapena mapiritsi?

Mayi wina wa ku Balaka wanditumizira imelo. Akuti kwa miyezi iwiri tsopano akumadzuka usiku mkamwa muli gwa, lilime litamamatira, ndipo nsima sakuimeza popanda madzi pafupi. Anzawo akuti ndi shuga. Kumapeto, ngati nkhani yapadera, walemba kuti chaka chino anayamba kumwa mankhwala a BP.

Mayi, ine ndiyambira pa mawu anu omalizawo. Munthu amapanga malovu pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka pa tsiku, ndipo usiku amachepa kale mwachibadwa. Ndiye pakabwera china chowachepetsanso, mumachimva pogona. Piritsi la hydrochlorothiazide, limene ambiri a BP amalandira m'zipatala zathu, ntchito yake ndi kutulutsa mchere ndi madzi kudzera mumkodzo. Onjezerani dzuwa la Okutobala la ku Balaka. Piriton wa chimfine nayenso amaumitsa mkamwa, chimodzimodzi amitriptyline, piritsi la matenda ovutika maganizo ndi ululu wa m'mitsempha. Koma chonde musasiye mankhwala panokha. BP sichita kugogoda ikamabwerera. Tengani mapaketi onse, ngakhale ogula pagolosale, mukawaonetse adokotala. Iwo ndi amene angasinthe mlingo kapena mtundu.

Anzanuwo sananame kwenikweni. Shuga akakwera m'magazi, impso zimamutaya mumkodzo pamodzi ndi madzi ambiri. Koma iyeyu sabwera yekha: ludzu losatha, kukodza kangapo usiku, kutopa, kuonda chonsecho mukudya bwino. Kuyezetsa ndi kadontho ka magazi ka pachala basi, ndiye bwanji kumangoganizira?

Funsaninso amene mumagona nawo ngati mumaliza mkonono. Mphuno zikatsekeka munthu amapumira mkamwa usiku wonse. Fodya, mowa ndi nkhawa nazonso zimaumitsa. Mukaona zoyerayera pa lilime, kapena kutupa m'munsi mwa makutu, yezetsani HIV. Maso nawo akamauma ngati mwalowa mchenga, auzeni adokotala, pali nthenda yotchedwa Sjögren imene imagwira kwambiri amayi.

Pakadali pano, imwani madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo kapu ina izigona pambali panu. Tafunani chingamu chopanda shuga. Maswiti ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi zisiyeni, chifukwa malovu ndi amene amatsuka mano, ndipo akasowa mano amabowoka msanga. Mukapita kuchipatala, dzerani kwa a mano akuoneni.