Kodi ndingayamwitse khanda lomwe sindinabereke?

Funso: Mng'ono wanga anamwalira pobereka ndipo khanda lake ndikulera ndine. Mwana wanga womaliza anasiya kuyamwa zaka zitatu zapitazo. Kodi mkaka ungatulukenso?

Yankho: Pepani kwambiri mayi chifukwa cha zovutazo. Inde, n'zotheka, pakuti mkaka subwera chifukwa cha pakati pokha, koma kuyamwa kwa mwana kumadzutsa mahomoni a prolactin ndi oxytocin amene amapanga ndi kutulutsa mkakawo. Musanayambe, mukayezetse HIV inu pamodzi ndi khandalo, ndipo zimenezi musazinyalanyaze ngakhale pang'ono.

Kenako muzimuika kubere maulendo 8 mpaka 12 pa tsiku, makamaka usiku pamene prolactin amachuluka, khungu lake litakhudzana ndi lanu pachifuwa. Madontho oyamba angaoneke pakatha masiku kapena masabata angapo, ndipo poyamba sakwanira. Choncho pitirizani kumupatsa mkaka wa m'chitini pakapu, osati m'botolo, kapena kudzera m'kachubu komata pafupi ndi nsonga ya bere, kuti azimeza kanthu akamayamwa asafooke. Muzipita naye kusikelo pafupipafupi, ndipo mkaka wogulawo muuchepetse pokhapokha anamwino akaona kuti akukwera bwino. Mankhwala oonjezera mkaka musamwe popanda uphungu wa dokotala.