Kwa achemwali amene afunsa ngati mng'ono wawo ali ku Gehena

Achemwali, choyamba pepani ndi zovutazi. Positi yanu ndaiwerenga kawiri usiku. Mwati mng'ono wanu anamwalira pochira mwezi watha ali wodulidwa kumpingo chifukwa cha mimba yomweyo, khanda latsala ndi inu, ndipo amene analalika pamaliro ananena pamaso pa mayi anu kuti malemu anadzisankhira okha moto. Nde mukufunsa ngati zilidi zoona kuti ali ku Gehena, komanso chifukwa chiyani ife akhristu timakonda kuweruza chonchi. Makomenti a pamwambapa ndawaona, ena akuti choonadi chimawawa, ena akuti ingosiyani kupemphera matchalitchi onse ndi bizinesi basi. Ine onsewo sindikugwirizana nawo, ndiye mundilole nditalikitse, amene atope adutse.

Ine si m'busa ayi. Ndinangokulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo, bambo anga malemu anakhala pa sesoni, bwalo la akulu a mpingo, zaka zambiri, milandu ya anthu timaimvera kuseri kwa chitseko tikusenda mtedza. Kenako ndinaphunzitsako Sande sukulu. Zomwe ndikudziwa ndi zimenezo.

Yankho langa ndi lakuti palibe munthu amene akudziwa komwe mng'ono wanu ali. Olo m'busa, olo bishopu, olo aneneri a pa TV aja amene amatchula nambala ya foni yako. Kudulidwa ndi mwambo wa mpingo, munthu amaimitsidwa kudya mgonero, amalowanso kalasi, pakapita nthawi amabwezedwa. Cholinga chake ndi kubweza munthu, sikuti alembi a sesoni akadula dzina m'kaundula mwawo ndiye kuti kumwambanso ladulidwa. Taganizani za wachifwamba uja anapachikidwa pambali pa Yesu pa Luka 23. Sanalowe kalasi, sanabatizidwe, khadi la chakhumi analibe, anangopempha kuti akumbukiridwe ndipo Yesu anamulonjeza Paradaiso tsiku lomwelo. Akanafera kwathu kuno ameneyo amayi sakanavala yunifolomu pamaliro ake, kwaya sikanaimba, ndipo wolalika akanamutumiza kumoto ndithu. Inuyo simukudziwa zimene mng'ono wanu anayankhula ndi Mulungu wake ali pabedi lija, wolalikayo sakudziwanso. Mpingo wa Katolika umene, ndi zaka zonse zimene wakhala, umalengeza mayina a anthu oyera amene ukukhulupirira kuti ali kumwamba, koma sunalengezepo mwalamulo kuti wakutiwakuti ali ku Gehena. Nde munthu mmodzi atagwira maikolofoni pa siwa mphamvu zimenezo wazitenga kuti?

Liwu loti Gehena lomwelo tiyeni tilione, chifukwa timalitchula daily koma ambiri sitidziwa kuti ndi dzina la malo enieni. Ndi chigwa cha mwana wa Hinomu, chakumwera kwa Yerusalemu, chilipo mpaka lero. Mafumu Ahazi ndi Manase ankawotcherako ana awo ngati nsembe, zili pa 2 Mbiri 28 ndi 33, kenako mfumu Yosiya anadetsa malowo kuti zimenezo zithe, ndipo Yeremiya anati adzatchedwa chigwa chopherako anthu. (Ija timamva m'maulaliki yoti kunali kudzala kotayako zinyalala komwe moto sumazima, m'Baibulo mulibe, fufuzani muona.) M'Chipangano Chatsopano chonse liwu limeneli likupezeka ka 12. Ka 11 akulitchula ndi Yesu mwini. Ndipo chimene chinandidzidzimutsa ine tsiku limene ndinakhala pansi nkuwerenga malo onsewo ndi choti ankauza ndani. Ankauza ophunzira ake omwe, kuwachenjeza za diso lawo, dzanja lawo, mkwiyo wawo. Ankauzanso alembi ndi Afarisi pa Mateyu 23, anthu odziwa malemba, opereka chakhumi mpaka cha timbewu ta m'dimba. Simupeza pamene anaima pamaso pa mkazi wadama kapena wamsonkho nkumuopseza ndi Gehena. Pa Mateyu 21:31 anachita kuwauza akuluakulu a kukachisi kuti amisonkho ndi akazi adama akuwatsogolera kulowa mu ufumu wa Mulungu. Pa Mateyu 5:22 amene akuyenera Gehena wamoto ndi uja wonena m'bale wake kuti chitsiru. Ndiye ka 12 kaja, kotsalako kali pa Yakobo 3:6, ndipo mukudziwa akukamba za chiyani? Lilime. Akuti lilime limayatsidwa ndi moto wa Gehena. Osati mimba, osati Chibuku, lilime.

Komanso m'gulupu muno momwemu tili a mipingo yosiyana ndipo za motowo sitimvana. Achipentekoste ambiri ndi ife a mipingo yakaleyi tinaphunzitsidwa kuti ndi chizunzo chosatha. A Seventh Day amati akufa ali mtulo mpaka kuuka, ndipo oipa adzapsa nkutheratu, sadzapsa mpaka muyaya. A Mboni za Yehova amati moto wozunzirako anthu kulibe, Gehena ndi chiwonongeko basi. Akatolika amakhulupirira Gehena koma alinso ndi puligatoliyo, koyeretserako mizimu isanalowe kumwamba, nchifukwa chake amapereka misa ya akufa. Sindikufuna tiyambe dibeti imeneyo pansi pa positi ya munthu wofedwa chonde, ndangoitchula kuti muone kuti anthu owerenga Baibulo limodzi lomweli sanagwirizane kuti motowo ndi wotani, koma wina akuchita kudziwa ndi mayina omwe a amene alimo.

Musandimve molakwa, ine ndimakhulupirira kuti tchimo liliko ndipo chiweruzo chiliko. Sindikunena kuti chigololo ndi chabwino. Koma tawerengani nkhani zimene Yesu anafotokoza za anthu opita kumoto muone milandu yawo. Wachuma uja wa pa Luka 16 sakutchulidwa kuti anali wachigololo kapena chidakwa, mwina anali munthu wolemekezeka kwambiri kusunagoge, mlandu wake unali Lazaro amene ankagona pageti pake ndi zilonda agalu akumunyambita, iye akudya bwino tsiku ndi tsiku. Pa Mateyu 25 pomwe akulekanitsa nkhosa ndi mbuzi mafunso ake ndi a njala, ludzu, mlendo, wausiwa, wodwala, wam'ndende. Ine ndimachita mantha ndi chaputala chimenecho kuposa china chilichonse, chifukwa mtsikana wodulidwa amene anzake a kwaya anasiya kumuyendera ali ndi pakati, amene anapita kusikelo yekha, kodi si wodwala ndi mlendo ameneyo?

Tsopano funso lanu lachiwiri, loti chifukwa chiyani timaweruza chonchi. Mmene ndimaonera ine, machimo tinawagawa pawiri, ooneka ndi osaoneka, ndipo timalanga ooneka okha chifukwa ndi osavuta. Mimba imaoneka. Botolo limaoneka. Buluku limaoneka. Koma kaduka, miseche, kumenya mkazi usiku, kubera wantchito wapakhomo malipiro, kulanda katundu wa ana amasiye maliro asanathe nkomwe, zimenezo sizitupitsa mimba ya munthu nde zimadya nawo mgonero bwinobwino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse m'Malawi muno oposa 77 ndi akhristu. Nde amene amaba mankhwala m'zipatala, amene amafuna kangachepe kuti fayilo yako iyende, amene amathamangitsa agogo m'mudzi kuti ndi mfiti, onsewo ndi akunja? Ndife tomwe, Lamulungu tili kutsogolo manja m'mwamba.

Ndikuuzeni za msuweni wanga. Anatenga mimba ali ndi zaka 19, mpingo sinditchula. Anamuitanitsa ku sesoni, anayankha mafunso onse pamaso pa azibambo okhaokha, analengezedwa m'tchalitchi Lamulungu dzina lake lonse, nkuyamba kukhala benchi ya kumbuyo. Mnyamata amene anamupatsa mimbayo ankaimba kiyibodi, amalume ake anali mkulu wa mpingo komweko, anangokana kamodzi basi nkhani inathera pompo, sabata yotsatira ali pa kiyibodi. Bambo anga tsiku limenelo anabwera kunyumba osadya nsima, anangoti kwa mayi, lero taweruza theka la mlandu. Ndinali wamng'ono koma mawu amenewo sanandichoke. Ndipo si zachilendo, pa Yohane 8 anamubweretsera Yesu mkazi amene akuti anamugwira ali mkati mochita chigololo. Ngati anamugwira ali mkati ndiye kuti panali awiri eti? Lamulo la pa Levitiko 20:10 limene ankalidalira limati onse awiri, mwamuna ndi mkazi. Mwamunayo anapita kuti? Inunso ndikufunseni, bambo wa khandalo anadulidwa? Pamaliro anatchulidwa?

Za zovala ndiye musanene. Ambiri amaona ngati zoti mkazi asavale buluku zinachokera kumwamba, osadziwa kuti m'dziko muno linali lamulo la boma la 1973 nthawi ya Kamuzu, loletsa akazi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa nthawi imene timalowa matipate. Lamulo linapita koma maganizo anatsala, mpaka mu January 2012 mavenda anavula azimayi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mabuluku, ena nkumaombera m'manja kuti akukonza khalidwe. Kuvula mayi wa eni pagulu sikunaoneke tchimo, buluku ndi limene linaoneka tchimo.

Kwinako ndi ndalama, tisanamizane. Yakobo 2 anaziona kalekale, wa mphete yagolide mumamupatsa mpando wabwino, wosauka mumamuuza aime uko. Bwana amene tauni yonse ikudziwa kuti ali ndi nyumba yachiwiri ku Area yakuti amakhala mlendo wolemekezeka pa pepa Sande chifukwa analonjeza malata. Akamwalira ulaliki wake umakhala wakuti tisaweruze, Mulungu yekha ndi amene amadziwa mtima. Vesi imeneyo imakumbukiridwa bokosi likakhala lodula. Ndipo kulalika moto nkosavuta, anthu amanjenjemera, ena amabwera kutsogolo, wolalika amaoneka wamphamvu wosaopa munthu. Kukhala pamphasa ndi mayi wofedwa ola lathunthu osanena kanthu ndiye kovuta.

Koma apa ndisadziyeretse, anyani amasekana zikundu. Ineyo ndinaphunzitsapo ana a zaka 7 za moto mpaka kamtsikana kena kanalira kuti bambo ake amasuta fodya ndiye akapsa, ine nkumaona ngati phunziro lalowa. Ndinasiyapo kupereka moni kwa mnzanga chifukwa anatsegula bawo. Ndipo pano pomwe ndikulemba izi ndikumva kukoma kumuweruza wolalika wanuyo, mwina nayenso anangotengera mmene anaphunzitsidwira, anakula akumva maliro a odulidwa akulalikidwa choncho. Mfarisi wa pa Luka 18 anathokoza Mulungu kuti sali ngati wamsonkho, ifenso tikhoza kuthokoza kuti sitili ngati Mfarisiyo nkugwera dzenje lomwelo. Komabe zimene ananenazo zinali zolakwika, pamenepo sindibweza mawu. Baibulo silikuletsa kudzudzula, koma linaika njira yake. Mateyu 18:15 akuti pita ukamuuze muli awiri. Agalatiya 6:1 akuti mubwezeni mofatsa uku ukudziyang'anira wekha. Zonsezo zimachitika munthu ali moyo. Wolalikayo anali ndi miyezi 9 yoti akanabwera kunyumba kwanu kudzacheza ndi mng'ono wanu, kupemphera naye, olo kungomufunsa kuti sikelo ikuyenda bwanji. Kudikira mpaka munthu ali m'bokosi sangayankhe, amene akumva ndi mayi ake okha, kumeneko si kulimba mtima ayi.

Choti muchite, ine ndingati musasunge mumtima. Tengani amalume kapena munthu wamkulu amene mayi amamukhulupirira, mupite kwa abusa mukanene modekha kuti mawu aja anatipweteka ndipo mayi sakugona. Abusa ambiri amamva, ena amachita kubwera kudzapepesa ndi kupemphera ndi banja. Akakukanizani nkumati munthu wa Mulungu safunsidwa, mwadziwa mtundu wa malo amene muli, ndipo kusamuka mpingo si kusiya Mulungu. Amene akuti musiyiretu kupemphera aja ndawamva ululu wawo, ambiri anapwetekedwa chimodzimodzi, koma chiganizo chachikulu chonchi musachipange mwezi woyamba wa maliro.

Mayi muwawerengere Luka 23 ija kuyambira vesi 39, pang'onopang'ono, olo kangapo. Ndipo khandalo mulitchinjirize, chifukwa pakamwa pomwe panatumiza mayi ake kumoto padzayambanso kulitchula mwana wa tchimo likamakula. Ezekieli 18:20 akunena poyera kuti mwana sasenza mphulupulu za kholo lake. Za mkaka mukupanga bwanji, kuchipatala anakulangizani? Ngati zikuvuta ndipezeni ku inbox, mkazi wanga analerapo mwana wa mchemwali wake kuyambira ali ndi sabata ziwiri, akhoza kukuuzani mmene anachitira usiku ndi mabotolo. Mwanayo mwamutcha ndani?