Yankho kwa asuweni pa nkhani ya flati ya ku Joni

Asuweni, uthenga wanu uja ndaumva, ndipo ndaona kuti ndiyankhe ndi pakamwa chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mwafunsa ngati ndalama yosungira zokonza za m'tsogolo, yolembedwa kuti reserve fund pa pepala la levi (ndalama imene mwini flati amalipira mwezi ndi mwezi yosamalira nyumba yonse) la flati ya ku Randburg mukuganiza zogula ija, ndi yokakamiza, kapena ngati munthu angapemphe kuti amuchotsere. Ndi yokakamiza, palibe angakuchotsereni. Koma ine ndakudziwani kuyambira tili ana, ndipo ndikuona kuti chimene chikukusowetsani tulo si chimenecho. Mtima wanu uli pa flati inayo, ya ku Rosettenville, imene levi yake ndi yotsika, ndipo mukufuna wina m'banja muno anene kuti tengani yotchipayo kuti ndalama yotsala izipita kumudzi kukamalizitsa nyumba ya azakhali. Musakane, ndinu omwe aja munkawerenga chenje kawiri pa golosale ya agogo, mpaka makasitomala kumadandaula.

Ndisanafike pa malamulo, ndikukumbutseni za amalume, bambo anu aang'ono aja. Inu munali musanapite ku Joni pamene zinkachitika, choncho mwina munangomva mapeto ake. Amalume anagula flati ku Berea cha m'ma 1990, nyumba yosanja yokongola, yokhala ndi chikepe komanso mlonda pakhomo. Mukudziwa mmene analili, munthu wodziwa kuyankhula pagulu, moti pasanapite nthawi eni maflati anzawo anawasankha kukhala mmodzi wa oyang'anira, amene kumeneko amati ma trustee, kenako anakhala wapampando. Chinthu chimene ankanyadira kwambiri, ndipo ankachinena ngakhale pa tchuthi chija anabwera ndi wailesi ya makaseti awiri, chinali chakuti pa nthawi yawo levi sinakwere. Chaka chilichonse pa msonkhano waukulu wina akadzutsa nkhani ya denga, iwo ankati denga lidikire, anthu ali ndi ana kusukulu, ndipo anthu ankawaombera m'manja. Sanadye ndalama ya munthu, ayi, ndinene bwino pamenepa chifukwa ana awo ali m'gulu la banja lino ndipo akumva. Anali okhulupirika pa tambala iliyonse. Ankangoona kuti kusakweza levi ndiko kuchitira anthu chifundo.

Ndiye zinthu zinayamba kutha nthawi imodzi. Chikepe chinaima, ndipo gogo wina wa pamwamba penipeni anasiya kutsika pansi. Madzi a mvula analowa m'denga n'kuwononga siling'i ya maflati apamwamba, mapaipi akale achitsulo anachita dzimbiri n'kumaphulika m'makoma. Ku banki kunalibe chilichonse chosungidwa. Oyang'anira anaika levi yapadera, ndalama yambiri yoti aliyense apereke mwadzidzidzi, ndipo ambiri analephera. Ena anangoikamo alendi n'kusamuka, osalipiranso kanthu. Ngongole ya madzi ndi magetsi inakula, ndipo ofuna kugula akapita ku banki ankakanizidwa ngongole, chifukwa banki imayang'ana mabuku a nyumba yonse, osati chipinda chako chokha. Amalume anagulitsa kwa munthu wa ndalama ya m'manja pa mtengo wochititsa chisoni. N'chifukwa chake chaka cha maliro a agogo anabwera pa basi ndi zikwama ziwiri, ndipo n'chifukwa chakenso nkhani ya munda wa kudambo inavuta mmene inavutira muja. Imeneyo tiisiye.

Nthawi imeneyo lamulo lakale la ku South Africa la 1986 linkangonena kuti pakhale ndalama yokwanira poganizira zokonza za m'tsogolo, koma silinkatchula kuti ingati. Zinasintha pa 7 Okutobala 2016, pamene lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act la 2011 linayamba kugwira ntchito. Tsopano bungwe la eni maflati, lija amati body corporate, limene inunso mumakhala membala wake tsiku limene flati yalembedwa m'dzina lanu, liyenera kukhala ndi matumba awiri a ndalama, lililonse ndi akaunti yake ku banki. Loyamba ndi la zatsiku ndi tsiku, monga inshuwalansi, mlonda ndi kusesa. Lachiwiri ndi reserve fund mwafunsayo, ya zinthu zikuluzikulu za onse, monga denga, chikepe, mapaipi, penti ya kunja ndi mpanda.

Lamulo linaikanso malire. Ngati chaka chatha ndalama yosungidwayo inali yosafika 25 peresenti ya levi yonse ya thumba loyamba, chaka chino ayenera kuikamo ndalama yosachepera 15 peresenti ya levi ya thumba loyambalo. Ikakhala pakati pa 25 ndi 100 peresenti, aikemo yosachepera imene akonza kutenga m'thumba loyamba pa zokonzakonza za chaka chimenecho. Ikafika 100 peresenti... eya, pamenepo lamulo silitchulanso chiwerengero. Koma chimene ine ndimachiona chofunika kuposa maperesentiwa ndi pulani ya zaka 10. Bungwe lililonse liyenera kulemba zinthu zikuluzikulu zimene zidzafunike kukonzedwa kapena kusinthidwa m'zaka 10 zikubwerazi, mmene zilili panopa, nthawi imene zidzafunike ntchito, mtengo wake, ndiponso zaka zimene zidzakhale zikakonzedwa. Eni maflati amaivomereza pulaniyo pa msonkhano wa pachaka, ndipo ndalama ya m'thumba lachiwiri imatuluka motsatira pulaniyo kapena pakagwa zadzidzidzi.

Tiyerekeze, ndipo ziwerengero izi ndi zongofanizira, kuti denga lidzafuna R600,000 pakatha zaka 10 ndipo maflati alipo 30 ofanana kukula. Ndiye kuti aliyense azisunga R2,000 pa chaka, imene ndi pafupifupi R167 pa mwezi. Akapanda kusunga, tsiku lina mudzalandira kalata yofuna R20,000, ndipo oyang'anira ali ndi mphamvu yoika levi yapaderayo ikafunika. Maflati akasiyana kukula, wa flati yaikulu amapereka zambiri, chifukwa gawo la munthu limawerengedwa potengera kukula kwa pansi pa flati yake. Ndipo si nkhani ya ndalama yokha. Nyumba ija inagwa ku Surfside, ku Florida, pa 24 Juni 2021 n'kupha anthu 98, katswiri anali atalemba kale mu 2018 kuti konkire yawonongeka, koma ntchito yaikuluyo inachedwa pamene eni ake ankalimbana ndi mtengo wake.

Tsono, asuweni, chimene ndikufuna kunena n'chakuti musasayine pepala lililonse la flati ya ku Rosettenville musanaone pulani ya zaka 10 ndi ndalama imene ili m'thumba losungira. Sindikunena kuti nyumbayo ndi yoipa, sindinaione, ndipo n'kutheka kuti levi ndi yotsika chifukwa mulibe chikepe kapena anasunga kale zokwanira. Koma n'kuthekanso kuti muli wapampando wachifundo ngati amalume. Levi yotsika pa nyumba yakale ili ngati kudya mbewu ya m'nkhokwe, mumakhuta lero koma mvula ikagwa mulibe chodzala. Muuzeni ejenti wogulitsa flatiyo akupatseni pulaniyo, mabuku a ndalama a chaka chatha ofufuzidwa ndi oditala, ndi zolemba za msonkhano wa pachaka womaliza. M'mabukumo muyang'anenso kuti eni maflati ali ndi ngongole ya levi yochuluka bwanji, chifukwa thumba likhoza kuoneka bwino pa pepala pamene theka la anthu sakulipira. Satifiketi ija imene loya amaifuna posintha dzina imangosonyeza kuti wogulitsayo wathana ndi ngongole yake ya levi, sinena kanthu za denga.

Ndikudziwa kuti muyankha kuti ejenti akuti pali wina akufunanso flatiyo ndipo mukachedwa ipita. Inu amene munakana kugula foni kwa miyezi yambirimbiri podikira kuti itsike mtengo, lero mukuthamangitsidwa ndi ejenti? Mapepala atatu amenewo ayambe afika, muwawerenge, mukafuna munditumizire tiwerengere limodzi, kenako ndiye musayine. Mukadzagula n'kupeza kuti oyang'anira sakutsatira lamulo, pali ofesi ya boma ya Community Schemes Ombud Service yokadandaulako, ndipo kandalama kake, kosapitirira R40 pa mwezi, mwakaona kale pa pepala la levi la ku Randburg lija. Koma ofesiyo imangoweruza milandu, ndalama ya denga idzachokerabe m'thumba mwanu.

Za nyumba ya azakhali, tikambirane ndi achimwene Loweruka, tione amene angathandizeko malata a chaka chino, kuti inu musasankhe flati chifukwa cha mtolo umene ndi wa tonse. Kwa ejentiyo muyankhe lero lomwe kuti popanda pulani ya zaka 10 ndi mabuku a thumba losungira simusayina, ndipo funso lomwelo mukalifunsenso ku Randburg.