Musamulembetse mayeso kachitatu mwana amene sanachire mumtima

Mayi wina wa m'dera la Makhanga, m'boma la Nsanje, walemba motere: "Mwana wanga wamwamuna anali mu Fomu 3 pamene namondwe wa Freddy anafika mu Marichi 2023. Madzi anatipeza usiku, ndipo iye anachezera mumtengo atanyamula mlongo wake wamng'ono, koma mwanayo anapulumuka m'manja mwake ndipo sitinamupezenso. Kale ankakhala nambala 1 kapena 2 m'kalasi, koma walemba MSCE kawiri ndipo ulendo wachiwiri wapeza mapointi 41. Kukachita mitambo sagona, akagona amakuwa kutulo, bwato safuna kukwera, ndipo wayamba kumwa kachasu. Bambo ake akuti ndi ulesi, alembenso kachitatu chifukwa tinkayembekeza kuti adzakhala dokotala. Azakhali ake akuti walodzedwa. Tichite bwanji?"

Pepani kwambiri, mayi, chifukwa cha mwana amene munataya. Kalata ngati yanuyi si yachilendo kwa ine, pakuti chigwa chathu chinasefukira mu 2015, kenaka kunabwera Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy chaka chotsatira, kotero ana amene ali kusekondale lero ku Nsanje ndi ku Chikwawa akula akuthawa madzi, kugona m'makalasi osanduka misasa, ndi kubwerera kukaphunzira m'makalasi omwewo ngati kuti palibe chimene chinachitika. Madzi akaphwa timawerenga nyumba zakugwa ndi minda yokokoloka, koma za m'mitima ya ana sitifunsa, mpaka zotsatira za mayeso zitatuluka, ndiye timayamba kukalipa.

Bambo a mwanayu ndikuwapempha kuti mawu akuti ulesi awasiye lero lomwe, chifukwa waulesi sakuwa kutulo ndipo sanjenjemera akamva mvula padenga. Munthu amene wayang'anizana ndi imfa, thupi lake limakhala tcheru ngakhale ngoziyo itadutsa: mtima umagunda msanga, tulo timasowa, zimene anaona zimabwerera zokha m'maloto ndi masana omwe, ndipo iye amayamba kupewa chilichonse chomukumbutsa za tsikulo. Kwa anthu ambiri izi zimatha pakapita masabata angapo, koma zikapitirira mwezi n'kumasokoneza moyo wa tsiku ndi tsiku, madokotala amaganizira za vuto la maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa, lotchedwa PTSD. Ine sindingapime mwana kudzera m'kalata, komabe zimene mwalembazi n'zokwanira kuti akaonedwe ndi wodziwa. Mutu wosagona, umene ukulimbana ndi chithunzi cha madzi, sungasunge masamu kapena Biology, ngakhale mwanayo atakhala pa buku mpaka tambala kulira. Mukamukalipira mukungowonjezera mlandu pa mlandu umene iye akudziimba kale, pakuti ndikukayika kwambiri ngati pali tsiku limene limadutsa osadziuza kuti mlongo wake anamutaya ndi iyeyo.

Za kulodzedwa ndinena mwachidule. Mapemphero asalekeke ngati banja lanu limapeza mphamvu mmenemo, koma musagulitse mbuzi zimene zatsala kuti mukalipire munthu woti akuuzeni dzina la mnansi amene mudane naye. Chimene chinavulaza mwana wanu mukuchidziwa, ndipo inunso munalipo usiku umenewo.

Chimene ndikukhulupirira kuti chingamuthandize ndi uphungu wochitidwa ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyi, ndipo umasiyana kutali ndi malangizo a pakhonde amene timapatsana akuti limba mtima, iwala, zinachitika basi. Phungu amakumana ndi munthu payekha, nthawi zambiri kamodzi pa sabata, ndipo zokambidwazo zimakhala zachinsinsi, kotero bambo ake asadzafunse kuti wanena chiyani. Poyamba safulumira kufukula za usiku uja. Amayamba ndi kumufotokozera kuti zimene zikumuchitikirazo zimachitikiranso ena ndipo si misala, kenaka amamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akamugwira, kukonza kagonedwe, ndi kubwerera ku zinthu zimene anazisiya monga mpira, kwaya kapena kumunda. Munthuyo akayamba kukhazikika ndi pamene amathandizidwa kufotokoza zimene zinachitika, pang'ono lero, pang'ono sabata yamawa, mpaka nkhaniyo itakhala chikumbutso chowawa cha zakale, osati chinthu chimene chikuchitikabe mvula iliyonse. Amayang'ananso limodzi maganizo odziimba mlandu, kufunsa mosabisa ngati pali munthu wamkulu amene akanalimbana ndi madzi amene anagwetsa milatho. Pambuyo pake amapangana zoyandikira zimene akuziopa, kuyambira kukaima patali ndi mtsinje, kufika padooko, mpaka tsiku lokwera bwato. Masabata oyamba angaoneke ngati zinthu zikuipiraipira, monga mmene chilonda chotsekeka pamwamba chimawawira pochitsuka, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amasiyira, zimene zimandikhumudwitsa kwambiri. Si uphungu wonse umene umatenga zaka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi njira ya uphungu yotchedwa Problem Management Plus imene imatenga misonkhano 5 yokha, ngakhale kuti munthu amene wakhala ndi vutoli nthawi yaitali chonchi angafunike yoposa pamenepo. Uphungu sudzamuiwalitsa mlongo wake, ndipo aliyense wolonjeza zimenezo akukunamizani.

Yambirani pafupi. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pitani kuchipatala cha Trinity ku Muona ngakhalenso kuchipatala cha boma ku Nsanje, ndipo mukanene momveka kuti mukufuna namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Mukangonena kuti mwana akumva mutu mudzabwerako ndi panado. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma nayo ingakulozereni aphungu amene akugwira ntchito m'deralo, ndipo pa ana aang'ono a m'nyumbamo pali nambala yaulere ya 116. Pemphani munthu amene mwanayo angalankhule naye m'Chisena kapena m'Chimang'anja ngati ndi mmene amamasukira, ndipo mufunse ngati phunguyo anaphunzirapo zothandiza anthu amene anakumana ndi zoopsa, chifukwa si onse amene anaphunzira zimenezi. Kukafunika adzakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Musaope kuti akangomuona amupititsa kuchipatala cha ku Zomba, pakuti ambiri a vuto lotere amathandizidwa akuchokera kunyumba, ndipo za mankhwala amagamula ndi dokotala. Koma tsiku limene adzanene kuti kuli bwino kufa, kapena kuyamba kugawa zinthu zake, musadzadikire kuti kuche: bisani tameki ndi mankhwala opopera thonje, musamusiye yekha, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Pali funso limene kalata yanu sinayankhe. Popeza thupi la mwana uja silinapezeke, kodi banja linakhalapo pansi kulira maliro ake mwa mwambo wanu kapena wa mpingo, kapena dzina lake linangosiya kutchulidwa pakhomo? Ngati silitchulidwa, mnyamatayu akumva ngati nonse mukumusungira mlandu. Amafunika kumva kuchokera pakamwa pa bambo ake kuti iye sanalakwe. Inunso mayi, amene mwalemba za mwana wamoyo osanenapo kanthu za chisoni chanu, mukafika kwa phunguyo mudzipemphere nthawi yanu.

Tsopano za udokotala, ndipo pano sindikunyengererani. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza kuti wodutsa mapointi 36 sangaganiziridwe n'komwe, ndipo maphunziro a udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amatenga okhawo amene akhoza kwambiri masamu ndi maphunziro a sayansi. Ndi mapointi 41 khomo limenelo n'lotseka, ndipo kumulipirira mayeso achitatu ali mmene alilimu ndi kutaya ndalama ndi kumuwonjezera manyazi. Ngakhale atachira, sindingalonjeze kuti adzafika pa mapointi a udokotala. MANEB imalola munthu kulembanso ngati wapadera, kotero chaka chimodzi chopuma sichimulanda mwayi. Akadzakhazikika, adzathe kusankha yekha pakati pa kukonza magiredi a sayansi kuti akayese unamwino ku koleji ya Trinity komweko ku Muona, maphunziro a uphungu ku Saint John of God ku Mzuzu, kapena ntchito yamanja kudzera ku TEVETA. Maloto a udokotalawo mufunse bwinobwino ngati anali ake kapena a bambo ake.

Iwe mnyamata, ngati amayi ako akuwerengera yankholi, dziwa kuti zimene zinakuchitikira sunazisankhe, koma kachasuyo ukusankha wekha. Amakugonetsa usiku umodzi n'kukubwezera maloto oipawo mowirikiza, ndipo phungu sangagwire ntchito ndi munthu wobwera ataledzera kapena wojomba masiku opangana. Zimenezo usiye, ndipo ukalephera wekha ukamuuze phunguyo poyera.

Ndivomereze kuti mwana amene wapeza mapointi 41 akugona maola owerengeka, nzeru zake zikadalipo ndithu. Mayi, akapita ku uphungu mosadumphitsa ndipo dzinja likadutsa akugona bwinoko, mudzandilemberenso ndi magiredi a phunziro lililonse, kuti tidzaone maphunziro oyenera kubwereza ndi oyenera kuwasiya.