Amayi anga sanasutepo fodya koma akubanika, ndigule ma antioxidant?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali ku Zomba, dzina sinditchula. Akuti amayi awo ali ndi zaka 64, chibadwire sanasutepo ngakhale ndudu imodzi, koma zaka zitatu zapitazi m'mawa uliwonse ndi kukhosomola ndi makhololo, akakwera kachitunda pang'ono ali wefuwefu mpaka ayime kaye. TB anayezedwa kawiri, palibe. Nde wina pa gulupu ya WhatsApp wawauza kuti vuto ndi oxidative stress, ndipo yemweyo akugulitsa ma antioxidant pa K45,000 botolo. Funso lawo ndi loti kodi zimenezi nzoona, agule?

Achemwali, oxidative stress iliko ndithu, sibodza ayi. Koma botololo musagule, ndalamayo isungeni ya ulendo wakuchipatala.

Dulani peyala mulisiye patebulo, pakapita kanthawi limada. Malata a denga akakhalitsa amachita dzimbiri. Zonsezi ndi ntchito ya okosijeni, yemweyo amene timadalira kuti tikhale moyo. M'maselo athu muli timalo totchedwa mitochondria pomwe chakudya chimasanduka mphamvu, ndipo monga moto wa nkhuni umathetheka, apanso pamatuluka tizinthu tolusa, ma free radical, tomwe tikakhudza mafuta, mapuloteni kapena DNA ya selo timawononga. Thupi silinangokhala chete, lili ndi zozimitsira zake, zomwe ndi ma antioxidant, monga superoxide dismutase, catalase ndi glutathione. Zothetheka zikachuluka kuposa zozimitsira, imeneyo nde oxidative stress. Denham Harman wa ku America ndi amene mu 1956 ananena kuti kuwonongeka kumeneku kukamaunjikana chaka ndi chaka nkumene kumatikalambitsa. Pano asayansi akuti ndi mbali imodzi chabe ya ukalamba, komanso ma free radical pang'ono thupi limawafuna, maselo oyera a m'magazi amaphera omwewo tizilombo.

Mapapo nde amavutika kwambiri chifukwa chilichonse chili mumpweya chimakafika mkati mwenimwenimo. Mphamvu ya mapapo imafika pachimake munthu ali pakati pa zaka 20 ndi 25, kuyambira cha m'ma 35 imayamba kutsika pang'onopang'ono ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Utsi umafulumizitsa kutsikako. Umabwera ndi ma free radical akeake, kenako maselo oyera amathamangira kumapapo kukalimbana nawo nkutulutsanso ena, pamodzi ndi enzyme yotchedwa elastase imene imadya ulusi wotamuka wa timatumba ta mpweya. Ili ndi choiletsa chake, alpha-1 antitrypsin, koma utsi womwewo umachifoola choiletsacho. Mapeto ake timatumba tija timakhala ngati lasitiki ya siketi yakale, kutamuka osabwerera, mpweya umalowa koma kutuluka kumavuta. Madokotala amati COPD, ndipo malinga ndi WHO inapha anthu 3.23 miliyoni mu 2019. Chowawa nchoti pomwe paonongeka sipameranso.

Mwati sanasutepo, ndikukhulupirirani. Koma tandiuzani, aphika zaka zingati pamafuwa? Ine ndikakumbukira khitchini ya agogo anga ku Songani, denga lonse linali bii ndi mwaye mpaka ulusi wakangaude umalendewera wakuda, iwo atagwada akuuzira nkhuni zaziwisi, misozi ili chuchuchu, mwana ali kumbuyo, nsima ya masana, ya madzulo, phala la m'mawa, kwa zaka 50. Mwaye uli kudengawo unadutsa kaye pamphuno pawo. Onjezani kuyatsa makala ndi jumbo, kutentha zinyalala kuseri kwa nyumba, mbaula kulowa nayo m'nyumba nthawi ya chiperoni mu June ndi July zitseko zili zotseka, komanso ngati abambo ankasuta chingambwe pabalaza. Sindikunena kuti amayi ali ndi COPD, paimelo sindingadziwe, ndikungoti osasuta nawonso imawagwira.

Nanga bwanji osangomwa ma antioxidant azimitse motowo? Anthu anayesa kale, ndipo zotsatira zake zimandiopsa. Ku Finland anatsatira amuna osuta oposa 29,000, zotsatira zinatuluka mu 1994: amene ankamwa mapilisi a antioxidant yotchedwa beta carotene khansa ya m'mapapo inawagwira kwambiri ndi 18 peresenti kuposa anzawo. Kafukufuku wina ku America wotchedwa CARET anamuimitsa mu 1996 nthawi isanakwane chifukwa cha zomwezo. Alipo mankhwala amodzi, N-acetylcysteine, amene ku China mu 2014 anaonetsa kuti amachepetsako kubuka kwa COPD, koma kuthandiza kwake nkochepa ndipo amalemba ndi dokotala atamuona munthu, osati pa WhatsApp. Za botolo lomwe simukudziwa kuti muli chani, kwa munthu wamkulu amene mwina akumwanso a BP, ine ayi.

Chakudya nde china. Bonongwe, chisoso, nkhwani, tomato, magwafa, mapapaya, malambe, nyengo yake masitiroberi aja amagulitsa panjira ya Ku Chawe, izi adye tsiku ndi tsiku. Sizichiza mapapo koma thupi limapezamo zomwe likufuna pamlingo woyenera, ndipo K45,000 ku msika wa Mpondabwino mugula masamba a masabata angapo.

Chachikulu ndi utsi. Aziphikira panja kapena pakhonde podutsa mphepo, nkhuni zouma, jumbo asayatsirenso, ndipo ngati nkotheka azipumako pamoto muziwalandira. Ndikuuzeninso chilungamo kuti kungosintha mbaula sikokwanira. Kafukufuku wa CAPS amene anachitika ku Chikhwawa ndi ku Karonga, wa ana oposa 10,000, anapeza kuti mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa sizinachepetse chibayo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe anatchula nchoti utsi umachokera mbali zambiri. Nde yang'anani pakhomo ponse, osati pamphika pokha.

Kenako apititseni ku Zomba Central Hospital, mukanene mbiri yonse, zaka zophika, ngati anadwalapo TB kalekale chifukwa imasiya zipsera m'mapapo ngakhale munthu atachira. Funsani X-ray ndi kuyeza kwa spirometry, kuja munthu amauzira mwamphamvu m'kachipangizo, ngati palibe pemphani akulozereni kwina monga ku Queens ku Blantyre. Awaonenso mtima ndi kuchuluka kwa magazi poti nazonso zimabanikitsa, mwinanso ndi mphumu imene imamva mankhwala bwino. Akapatsidwa inhaler, kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa, musaope zonena anthu zoti imazoloweretsa, pemphani anesi awaonetse kapopedwe kake pomwepo. Ndipo asasiye kuyenda poopa befu, miyendo ikafooka kubanika kumakula, aziyenda pang'onopang'ono malo osakwera tsiku lililonse.

Mukaona magazi m'makhololo, kuonda, mapazi kutupa kapena kubanika ali chikhalire, musadikire kuti mwezi uthe, tsiku lomwelo pezani galimoto. Mukabwerako ndilembereninso, mundiuze zomwe apeza komanso kuti pano akuphika ndani.