Za Vlambeer ndi mantha oberedwa gemu

Achimwene, mwafunsa ngati anthu awiri okha angayambitse kampani yopanga magemu opanda ndalama zambiri, komanso ngati kuli bwino kubisa gemu yanu mpaka itatha poopa akuba nzeru. Mbiri ya Vlambeer, kampani yaing'ono yopanga magemu ya ku Netherlands, ikukhudza mafunso onse awiri.

Anaiyambitsa mu 2010 ndi Rami Ismail ndi Jan Willem Nijman, anyamata amene anasiya maphunziro opanga magemu pa Utrecht School of the Arts. Nijman ankaganiza za momwe gemu iziseweredwera, Ismail ankagwira kwambiri za malonda ndi zolankhula ndi anthu. Ankagwirira ntchito mumzinda wa Utrecht, ndipo magemu awo ambiri anapangidwa ndi GameMaker, pulogalamu yomwe inunso mungayiike pa laputopu yanu lero.

Chaka chomwecho anatulutsa Super Crate Box, yaulere pa kompyuta. Gemuyi ndi yaing'ono koma yochenjera: mapointi sabwera chifukwa chopha adani, amabwera mukatola bokosi, ndipo bokosi lililonse limakusinthirani chida. Mwina munali ndi mfuti yabwino, mukangotola bokosi mwapatsidwa china chovuta kugwiritsa ntchito, adani ali pakhosi. Dzina lawo linayamba kumveka ndi gemu imeneyi.

Tsopano za kuberedwazo. Mu 2010 momwemo anapanga Radical Fishing, gemu yomwe inkaseweredwa pa intaneti kudzera mu pulogalamu ya Flash. Mumaponya mbedza, potsika mumazemba nsomba kuti mufike pansi kwambiri, pokwera mumakola zambiri momwe mungathere, kenako mumaziponya m'mwamba n'kuziwombera ndi mfuti. Zopenga ndithu, koma zokoma. Anayamba kuikonza mwakachetechete kuti ituluke pa iPhone ndi dzina loti Ridiculous Fishing. Ali mkati mogwira ntchitoyo, mu 2011 kampani ya Gamenauts inatulutsa Ninja Fishing, kaseweredwe kake kofanana kwambiri ndi kawo, kungoti nsomba mumazidula ndi lupanga. Inagulidwa kwambiri pa App Store iwo asanatulutse yawo.

Zinawapweteka zedi, ntchito inaima kwa miyezi, kampani inatsala pang'ono kutha. Kukhoti sanapite, chifukwa malamulo a copyright amateteza zithunzi, nyimbo ndi code (malangizo olembedwa oyendetsera gemu pa kompyuta), koma lingaliro la momwe gemu imaseweredwera silitetezedwa. Chomwe anachita ndi kulankhula poyera, kwa atolankhani ndi pamisonkhano ya opanga magemu, mpaka aliyense wotsata nkhanizi anadziwa mwini nzeruyo. Kenako anaimaliza gemuyo limodzi ndi wopanga magemu mnzawo Zach Gage, wojambula Greg Wohlwend ndi woimba Eirik Suhrke. Inatuluka mu March 2013 pa mtengo wa $2.99, popanda zogulagula za mkati mwa gemu, ndipo chaka chomwecho inapata Apple Design Award, Apple n'kuitchanso gemu yopambana ya pa iPhone ya 2013.

Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti kubisa sikuthandiza. Gemu imene ankaipanga mobisa ndi imene inawaliza, chifukwa pomwe yofanana nayo inkatuluka, anthu ambiri sankadziwa kuti Vlambeer ili ndi yake panjira. Pa gemu ina yotchedwa Nuclear Throne anatembenuza zinthu: anaiyika pa Steam Early Access, gawo la sitolo ya magemu ya pa intaneti ya Steam logulitsirapo magemu omwe akupangidwabe, mu 2013 isanathe, ankaonetsa akuipanga pa Twitch, tsamba loonetserapo makanema nthawi yomwe zinthu zikuchitika, osewera akuona n'kumapereka maganizo, mpaka inatuluka yonse mu December 2015. Munthu angabe bwanji mbuzi yomwe mudzi wonse ukuidziwa mwini wake? Pakati apo anatulutsanso Luftrausers mu 2014 kudzera ku kampani yofalitsa magemu ya Devolver Digital.

Koma tisanamizane, "anthu awiri" aja sanali awiri okha. Pafupifupi gemu yawo yaikulu iliyonse inali ndi wojambula ndi woimba ochokera kunja kwa kampani. Analinso m'dziko lomwe intaneti ndi njira zolandirira ndalama kuchokera ku Apple kapena Steam sizivuta, ndiye inu fufuzani kaye momwe ndalama zingakufikireni komwe muliko musanawerengere phindu. Chinthu chimodzi chomwe mungatenge kwa iwo lero lomwe ndi presskit(), chida chaulere chomwe Ismail anapanga kuti opanga magemu aziika zithunzi ndi mbiri ya gemu yawo pamalo amodzi, atolankhani asamavutike.

Pa 1 September 2020, tsiku lomwe kampaniyo inkakwanitsa zaka 10, awiriwa analengeza kuti akuitseka, aliyense apite njira yake. Sikuti inagwa ndi ngongole ayi, anangoona kuti nthawi yakwana. Koma mu 2024 Nijman anagula gawo la Ismail n'kuitsegulanso kampaniyo, ndipo pano Vlambeer yonse ili m'manja mwake.